Makolo Akunyanja Tiziwayendera Nthawi ya Mwera



Tikamva kuti bambo kapena mayi apuma pa ntchito ndipo akakhala kunyanja, ambiri timati zawo zayera. Munthu wagwira ntchito m'boma mpaka kukwanitsa zaka 60, wamanga nyumba ya malata ku Malindi, ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota, akufunanso chiyani? Timaganiza motero chifukwa kumeneko timapitako pa zikondwerero zokha, pakhomo pali piringupiringu wa adzukulu, chambo chili pamoto. Wofuna kuudziwa moyo wa makolo athuwa apiteko mu Julaye kapena Ogasiti, nyengo yozizira ikupita kumapeto.

Miyezi imeneyi mwera umakuntha masiku angapo osalekeza. Mafunde akakula, asodzi amakokera mabwato pamtunda, mathandala oyanikapo usipa amakhala opanda kanthu, ndipo nsomba yochepa yopezeka padoko imakwera mtengo. Nkhalamba imene nyanja ili pakhomo pake imatha kudyera nsima masamba ofutsa sabata yathunthu. M'bandakucha madzi a udhu amakhala ozizira, mawondo a nyamakazi sakulola, ulendo waufupi wa kumzikiti umatalika. Mchenga umalowa m'nyumba, chifuwa sichikutha. Dzuwa likatuluka agogo amatulutsa mpando nkuwothera kuseri kwa nyumba kobisika mphepo, wailesi ili pambali, kudikira ngati kungabwere mnzawo wosewera naye bawo. Ikamakwana 6 koloko kwada, ndipo usiku wake ndi wautali.

Ena anena kuti, "Ife timatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money mwezi uliwonse." Allah akulipireni, ndipo musaleke, pakuti penshoni payokha siikwanira. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe sopo, shuga ndi mankhwala a BP zinakwera osayang'ana kuti wogulayo anasiya kulandira malipiro. Koma ndalama ya pafoni siikhomera lata limene mwera wazula. Siiona kuti amayi ayamba kuiwala mapiritsi awo. Siiona mng'alu wa pakhoma. Mu 2024 nyanja inasefukira mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ndipo khoma lonyowa chotero limafuna kukonzedwa kunja kuli kouma, mvula isanayambe. Pafoni kholo silidandaula. Lingoti, "Tili bwino, kaya inu kumeneko?"

Palinso njala ina imene sitiitchula. Munthu amene anali mphunzitsi wamkulu, namwino kapena kalaliki anazolowera kufunidwa tsiku ndi tsiku. Lero palibe womufunsa kanthu. Ife ana timaonjezera bala pomuuza kuti, "Inu ingokhalani, mwagwira kale ntchito." Kungokhala kumakalambitsa msanga kuposa khasu. Asiyeni alime kadimba ka mpiru ndi tomato, awete nkhuku, athandize ana a m'mudzimo masamu, akhale nawo m'komiti ya pamzikiti kapena ya pasukulu. Pakabuka nkhani ya ukwati kapena ya malo, yambani mwawafunsa iwo musanamange mfundo. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Inu ophunzira, nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri. Tchuthi chanu chachitali chimagwa mu Ogasiti momwemo. M'malo motha mwezi wonse m'tauni maso ali pafoni, pemphani thiransipoti mukakhale ndi agogo ngakhale masabata awiri. Mukawatungire madzi, mukawawazire nkhuni, mukawaperekeze kuchipatala, mukawafunditsire madzi m'mawa. Madzulo mukawafunse za makolo awo, za kumene mtundu wanu unachokera, za mmene nyanja inalili chambo chisanayambe kusowa. Zimenezi simudzazipeza m'buku la MSCE, ndipo akapita apita nazo.

Inunso makolo a m'tauni, ulendowu uyambeni kuukonza panopa. Gawanani masabata pachibale kuti pakhomo pasakhale zii mwezi wonse. Mukamapita nyamulani bulangeti, juzi, misomali ndi mankhwala okwanira. Ulendo wa pachikondwerero umasangalatsa ife eni ake. Wa nthawi ya mwera ndiwo umathandiza iwo.

Allah awapatse makolo athu thanzi ndi ukalamba wa mtendere. Ameen.