Tsamba limodzi pa tsiku

Ayuda a ku Ulaya amene ankayankhula Chiyidishi ankatchula sunagoge kuti shul, ndipo mpaka lero Myuda wa ku Johannesburg kapena ku London akanena kuti akupita ku shul, ndiye kuti akupita kokapemphera. Mawuwa ndi apachibale ndi mawu athu aja oti sukulu. Dzinali silinabwere mwangozi. M'masunagoge ambiri muli chipinda chotchedwa beit midrash, kutanthauza nyumba yophunziriramo. Muli matebulo, mipando ndi mashelefu a mabuku, ndipo amene amakhala pamipandoyo kawirikawiri si ana ayi. Ndi abambo ndi amayi a pantchito, a mabizinesi, ena opuma pantchito a imvi zawo. Ena amafika m'bandakucha asanapite kuntchito, ena madzulo akaweruka.

Mwezi uno ndati tikambe za anthu amenewa, ngakhale patsamba lino tinazolowera kukamba za mchere, shuga ndi madzi akumwa. Ubongo nawo ndi chiwalo cha thupi, ndipo momwe timausamalira tikamakula ndi nkhani ya zaumoyo ndithu.

Maziko a maphunziro a ku sunagoge ndi Torah, mabuku asanu a Mose. Anawagawa m'zigawo 54, ndipo Sabata lililonse amawerenga chigawo chimodzi, nthawi zina ziwiri, kuti pofika kumapeto kwa chaka akhale atamaliza onse. Lolemba ndi Lachinayi m'mawa amawerengako chiyambi cha chigawo cha Sabata likubweralo. Pa chikondwerero cha Simchat Torah, chimene chimachitika chakumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, amawerenga mavesi omaliza a Deuteronomo ndipo tsiku lomwelo amatsegula Genesis n'kuyambiranso. Choncho gogo wa zaka 80 wadutsa m'nkhani ya Yosefe ndi abale ake kokwana mwina ka 60 kapena kuposa. M'kati mwa sabata amakumana m'magulu kukambirana chigawocho, atatsegula ndemanga za aphunzitsi akale monga Rashi, amene anakhala ku France ndipo anamwalira mu 1105. Kwa ife mwambowu si wachilendo kwenikweni. Luka 4 amationetsa Yesu akuwerenga mpukutu wa Yesaya m'sunagoge wa ku Nazarete pa Sabata, ndipo pa Machitidwe 13 Paulo anapatsidwa mpata woyankhula atatha kuwerenga Chilamulo ndi Aneneri.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi dongosolo lotchedwa Daf Yomi, kutanthauza tsamba la tsiku. Ayuda ali ndi buku lalikulu lotchedwa Talmud, momwe munalembedwa zokambirana ndi mikangano ya arabi akale pa nkhani za malamulo, ulimi, maukwati, ngongole, zakudya ndi zina zambiri. Ndinene pano kuti ife a Adventist sititenga Talmud ngati Mawu a Mulungu, ndipo sindikuuza aliyense kuti akaifunefune. Chimene ndikufuna tione ndi kaphunziridwe kake. Talmud ya ku Babulo ili ndi masamba 2,711, tsamba lililonse lolembedwa mbali zonse ziwiri, m'Chihebri ndi m'Chiaramu. Anthu wamba ankaiopa kukula kwake, ndipo zigawo zina sizinkawerengedwa n'komwe. Mu 1923, pamsonkhano waukulu wa Ayuda ku Vienna, rabi wina wa ku Poland, Meir Shapiro, amene panthawiyo anali ndi zaka 36 zokha, anapereka ganizo losavuta: aliyense aziwerenga tsamba limodzi pa tsiku, ndipo tsambalo likhale lomwelo padziko lonse. Anayamba pa 11 Seputembala chaka chomwecho, tsiku loyamba la chaka cha Chiyuda.

Tsamba limodzi pa tsiku, osadumpha Sabata, tchuthi, ukwati kapena ulendo, zimatenga zaka 7 ndi miyezi 5. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Munthu wa ku Cape Town akapita ku New York kukaona mwana wake, amalowa m'sunagoge wa kumeneko n'kupeza anthu ali patsamba lomwe iye analekezera dzulo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni, siinathe kuthetsa dongosololi. Pa 1 Januwale 2020, anthu pafupifupi 90,000 anasonkhana m'bwalo la masewero la MetLife ku New Jersey, m'nyengo yozizira koopsa, kukondwerera kumaliza bukuli kwa nthawi ya 13. M'mwezi womwewo ku Jerusalem amayi oposa 3,000 anachita chikondwerero chawo, choyamba cha mtundu umenewu, chifukwa kale Talmud inkatengedwa ngati phunziro la abambo okha. Patangopita masiku ochepa onse anayambiranso, ndipo amene anayamba nthawi imeneyo adzamaliza mu Juni 2027.

Kaphunziridwe kawo kali ndi dzina lakenso: chavruta. Anthu awiri amakhala moyang'anizana ndi buku limodzi. Wina amawerenga mokweza, mnzake amamufunsa, amamutsutsa, amamuuza kuti abwerezenso chifukwa sizikumveka. M'beit midrash mumakhala phokoso ngati pamsika, ndipo palibe amene amauza anzake kuti akhale chete. Munthu amene ali ndi mnzake womudikira sajomba wamba. Ndipo akajomba masiku awiri, pali wina amene adziwe msanga n'kumuimbira foni kapena kukagogoda pakhomo pake. Kwa ine amene ndimayendera okalamba a mumpingo mwathu, mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa buku lenilenilo. Okalamba ambiri amene ndimawapeza atafooka si kuti alibe nsima m'nyumba. Alibe munthu wowafunsa maganizo awo pa chilichonse.

Ena mwa inu mukuti, ife sukulu inatidutsa kalekale. Ayuda ali ndi nkhani imene amauza anthu otero. Amati Rabi Akiva, mmodzi mwa aphunzitsi awo otchuka kwambiri, amene anakhalako zaka makumi angapo Yesu atakwera kumwamba, anali mbusa wa nkhosa wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi mpaka atafika zaka 40. Tsiku lina pachitsime anaona mwala utabooka ndi madzi amene ankaudonthera, ndipo anaganiza kuti mtima wake sungaposere mwalawo kuuma. Anapita ndi mwana wake wamwamuna kukakhala pansi pamaso pa mphunzitsi wa ana, n'kuyamba ndi alefi ndi beti. Nkhaniyi ndi ya m'mabuku awo akale, ndipo mwina inakometsedwa m'kupita kwa zaka, komabe imaonetsa zimene anthuwa amafuna kuti ana ndi akulu awo azikhulupirira. Kwathu kuno munthu wamkulu amachita manyazi kulowa sukulu ya kwacha poopa kusekedwa ndi adzukulu.

Masunagoge ambiri a masiku ano, makamaka ku America ndi ku Britain, ali ndi makalasi a Chihebri a akuluakulu oyamba kumene. Mnyamata wa Chiyuda akafika zaka 13 amachita mwambo wa bar mitzvah, pomwe amaitanidwa kutsogolo kukawerenga Torah. Atsikana kale analibe mwayi umenewu, choncho amayi ambiri a zaka 60 kapena 70 amaphunzira kwa chaka chimodzi kapena ziwiri kuti achite bat mitzvah yawo atakula kale. Palinso mwambo wokoma wochokera pa Salimo 90, limene limati moyo wa munthu ndi zaka 70. Akawonjezerapo 13, munthu wa zaka 83 amachita bar mitzvah yachiwiri. Kirk Douglas, katswiri wa mafilimu uja, anachita zimenezi mu 1999. Zaka zitatu m'mbuyo mwake anali atadwala sitiroko imene inamusokoneza kayankhulidwe, koma anaphunziranso kuyankhula, naimirira pagulu kuwerenga Chihebri. Anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 103. Sindikunena kuti Chihebricho ndicho chinamutalikitsira moyo. Ndikungoti sitiroko siinakhale chifukwa chotsekera buku.

Winanso amene anakana kutseka buku ndi Franz Rosenzweig wa ku Germany. Mu 1920 anatsegula ku Frankfurt sukulu ya akuluakulu yotchedwa Lehrhaus, ya Ayuda amene anakula osadziwa zambiri za chipembedzo cha makolo awo. Aphunzitsi ake sanali arabi okhaokha, munali dokotala ndi katswiri wa za sayansi, ndipo mafunso a ophunzira ankalemekezedwa ngati phunziro lenileni. Mu 1922 anapezeka ndi matenda a ALS, amene amafoola minofu pang'onopang'ono mpaka munthu kulephera kuyenda ndi kuyankhula. Mkazi wake Edith ankatchula zilembo, iye n'kumapereka chizindikiro pa chilembo chimene akufuna, ndipo mwa njira imeneyi anapitiriza kumasulira Baibulo la Chihebri m'Chijeremani pamodzi ndi mnzake Martin Buber mpaka anamwalira mu 1929. Ganizo lake loti aliyense akhoza kuphunzitsa ndi kuphunzira likuonekabe m'misonkhano ya Limmud, imene inayamba ku Britain mu 1980 ndipo imachitikanso ku South Africa.

Nanga madokotala akuti chiyani? Gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet linalemba mu 2024 kuti pali zinthu 14 zimene munthu kapena dziko lingathe kusintha, ndipo zikanathetsedwa, pafupifupi 45 mwa anthu 100 aliwonse odwala matenda oiwalaiwala a ukalamba akanatha kuwapewa kapena kuwachedwetsa. Zina mwa izo timazidziwa kale a Adventist: fodya, mowa, kusachita masewero olimbitsa thupi, kunenepa kwambiri, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Koma pamndandanda womwewo palinso kuchepa kwa maphunziro, kukhala wekhawekha wopanda ocheza nawo, kusamva bwino ndi kusaona bwino kosathandizidwa. Akatswiriwa amafotokoza kuti ubongo umene wakhala ukugwira ntchito umakhala ndi njira zambiri zodutsira maganizo, kotero kuti njira ina ikawonongeka, umatha kulambalala kwa kanthawi. Tisapitirire pamenepa n'kumalonjeza zimene sayansi siinalonjeze. Arabi ophunzira kwambiri nawonso amadwala matenda oiwalaiwala, abusa athu chimodzimodzi, ndipo wodwala asamanenedwe kuti anali waulesi. Koma gulu la anthu okumana kawirikawiri, owerenga mokweza, okangana mwamtendere ndi osowana wina akajomba, likugwira zingapo mwa zinthu zimenezi nthawi imodzi popanda kugula mankhwala alionse.

Nkhaniyi ili ndi kulemera kwina kwathu kuno. Gogo akayamba kuiwala maina a ana ake, kusochera usiku kapena kuyankhula zosamveka, m'midzi ina amamutcha mfiti, ndipo ena amenyedwa mpaka kuphedwa. Gogo amene amakhala m'kalasi ndi anzake sabata ndi sabata ali ndi mboni. Anzakewo ndi amene amayamba kuona kuti zinthu zikusintha, n'kuuza abale kuti apite naye kuchipatala anthu asanayambe kuloza zala.

Si zonse za ku sunagoge zimene ndingatengere. Pa chikondwerero cha Shavuot, chimene ife timachidziwa kuti Pentekoste, ambiri amachezera usiku wonse akuphunzira, khofi ndi makeke zili patebulo. Ndi kamodzi pachaka, koma munthu wa BP kapena wa shuga sindingamulimbikitse kutero, ndipo ubongo umasunga zimene waphunzira munthu akagona mokwanira.

Ife sitikusowa poyambira. Sukulu ya Sabata tili nayo kuyambira m'ma 1850, pamene James White analemba maphunziro oyamba, ndipo phunziro la sabata lino ku Blantyre ndi lomwelo la ku Lusaka, ku Harare ndi ku Manchester. Linagawidwa kale tsiku ndi tsiku, kuyambira Sabata madzulo mpaka Lachisanu. Vuto lili pa kagwiritsidwe kake. Ambiri timatsegula bukhulo Lachisanu usiku, ena m'minibasi Sabata m'mawa. M'kalasi mphunzitsi amaimirira n'kulalikira ulaliki wachiwiri, akafunsa funso amaliyankha yekha, ndipo amayi achikulire akumbuyo amatuluka osatsegula pakamwa. Aphunzitsi athu, ndikupempheni mwaulemu: funsani funso, kenako khalani chete pang'ono. Wina akatsutsa mwaulemu, musamuone ngati wopanduka. A ku Bereya aja a pa Machitidwe 17 anayamikiridwa chifukwa chofufuza ngati zimene Paulo ankanena zinali zoona, ndipo anali anthu a m'sunagoge.

Ngati mukufuna kuyesa, pezani munthu mmodzi, osati gulu, ndipo mugwirizane nthawi, kaya ndi mphindi 20 dzuwa lisanalowe. Baibulo lili ndi machaputala 1,189, choncho chaputala chimodzi pa tsiku chikutengerani zaka 3 ndi miyezi 3. Wodziwa kuwerenga akhale ndi wosadziwa, wachinyamata wa maso akuthwa akhale ndi gogo wodziwa nkhani. Ndipo musanaweruze kuti gogo alibe chidwi, onani kaye maso ndi makutu ake. Ambiri anasiya kuwerenga chifukwa zilembo za m'buku la phunziro zinayamba kuoneka zazing'ono atapitirira zaka 40, vuto limene magalasi owerengera amathetsa. Ena ali ndi ng'ala, imene imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi kuchipatala cha maso. Amene samva bwino muwakhazike kutsogolo, pafupi ndi mphunzitsi, ndipo kalasi lawo likhale kutali ndi la achinyamata, kunja pansi pa mtengo ngati m'tchalitchi muli phokoso.