Nkhani Zoipa Zikaculuka, Mtima Nao Ufuna Kupumula

Pa kiliniki ya m'komboni pamafika anthu ambiri odandaula za mutu, kugunda kwa mtima ndi kusowa tulo. Akapimidwa malungo, sapezeka. Magazi m'thupi ali okwanira, cifuwa naco cili bwino. Koma akafunsidwa zimene acita usiku asanagone, yankho likhala limodzimodzi. Amai agona ndi foni m'manja, kuwerenga za ngozi ya basi ndi kukwera kwa mtengo wa unga. Atate asiya wailesi ilikulankhula kumutu kwa bedi kufikira pakati pa usiku. M'mawa, asanasambe ndi kumaso komwe, ayambiranso pamene anasiyira.

Anthu otere sanama ai, mutu uwawadi. Koma mapiritsi a mutu okha sangawathandize kwa nthawi yaitali. Cimene asowa ndico kupumula ku nkhani zolemetsa mtima, ndipo nyengo ya masika, m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, ndiyo nthawi yabwino yoyambira.

Zimene nkhawa icita m'thupi

Pamwamba pa impso iriyonse pali kaciwalo kakang'ono. Munthu akacita mantha, tiziwalo timeneti titulutsa m'magazi mankhwala ochedwa adrenaline ndi cortisol. Pamenepo mtima ugunda msanga, BP ikwera, shuga aculuka m'magazi, ndipo mimba ileka kugaya bwino cakudya. Izi zithandiza munthu amene wakumana ndi njoka panjira, cifukwa zimupatsa mphamvu yothawira. Njoka ikapita, thupi libwerera m'malo mwace.

Bvuto ndi lakuti thupi silisiyanitsa bwino pakati pa coopsa cimene cili pakhomo ndi coopsa cimene munthu waona pa foni. Zithunzi za mitembo, mikangano ya ndale ndi mphekesera za pa WhatsApp ndi Facebook ziutsa mantha omwewo, koma kulibe kothawira. Zikacitika tsiku ndi tsiku, tulo tisowa, mutu ndi khosi ziwawa, munthu apsa mtima msanga, ndipo ana ndiwo ayamba kukalipiridwa popanda cifukwa. Kwa amene ali kale ndi matenda a BP kapena a shuga, kusagona ndi nkhawa zicititsa kuti matendawo abvute kuwongolera.

Mabomba ataphulika pa mpikisano wothamanga mu mzinda wa Boston ku America mu 2013, akatswiri a pa University of California, Irvine anafunsa anthu oposa 4,600. Anapeza kuti amene anali kuonerera ndi kuwerenga za ngoziyo kwa maola 6 kapena kuposapo pa tsiku anali ndi nkhawa yaikuru kuposa amene anali pa malo a ngoziwo kapena pafupi. Naconso cigwirizano ca za umoyo pa dziko lonse, ca WHO, cinalangiza anthu mu 2020, pa nthawi ya COVID-19, kuti azimvera nkhani za mliriwo kamodzi kapena kawiri cabe pa tsiku, pa nthawi yoikika.

Kodi kumeneku si kuthawa mabvuto?

Ena anena kuti munthu wosamvera nkhani ndiye amene amwa madzi a pacitsime coipa cifukwa sanamve cenjezo. Mau amenewa ali ndi nzeru. Kolera itabuka mu Lusaka mu Okutobala 2023, bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 Febuluwale 2024. Pa 29 Febuluwale caka comweco, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, malaiti anali kuzima kwa maola ambiri pa tsiku. M'nthawi zotere banja lirilonse liyenera kuchera khutu, ndipo palibe amene angadzudzule anthu kaamba kozolowera kukhala cire ndi foni.

Koma cenjezo la kolera ndi lalifupi: kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini, kusamba m'manja ndi sopo, ndi kuthamangira ku cipatala munthu akayamba kutsegula m'mimba. Wamva kamodzi wamva zonse. Kumva za ciwerengero ca akufa kakhumi pa tsiku sikuwonjezera citetezo ciriconse. Kale nkhani za pa wailesi zinali ndi nthawi yace. Zikatha panali kubwera nyimbo kapena sewero, ndipo anthu anali kubwerera ku nchito zao. Foni ilibe nthawi yotsekera. Mwini wace ndiye ayenera kuiikira malire.

Enanso anena kuti wosauka sangaiwale lendi ndi ndalama za sukulu cifukwa cakuti wadya gwafa. Ndi zoona. Kupumula sikulipira ngongole. Komabe munthu amene wagona maola 7 kapena 8 aganiza bwino za ngongoleyo kuposa amene wacezera usiku wonse ndi nkhondo ya ku dziko limene sadzapondako.

Zabwino za masika

Mvula ikakata, thambo liyera, matope a m'njira auma, ndipo fumbi la mu Ogasiti likhala lisanayambe. Madzulo kuomba kamphepo kozizira bwino. M'caka cimene mvula yagwa bwino, pa msika wa Kapata mu Chipata ndi pa misika ina pakhala mbatata, maungu, nshawa zaziwisi, nzama, nzimbe ndi magwafa, pa mtengo umene ngakhale banja la ku Nabvutika kapena ku Mchini lingakwanitse. Amene akumbukira masika a 2024, pamene cimanga cinaumira m'munda cisanabereke, adziwa kuti zinthu zimenezi si zopeputsa.

Kukhala pa khonde ndi mbale ya nshawa zophika, kusenda imodzi-imodzi, ndi nchito imene siifulumira. Manja akatanganidwa, foni ikhala pansi. Ndi cimodzimodzi kutongola cimanga cimene abale atumiza kucokera kumudzi, kusankha nyemba pa lichero, kapena kufutsa ciwawa ndi masamba a nyemba kuti mfutso udzathandize m'cilimwe. Pa nchito zotere m'pamene ana afunsa mafunso, agogo ayamba nthano, ndipo amai ndi atate akambirana zimene akhala alikuzengereza. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Nkhawa imene munthu wauzako mnzace ipepukako, pamene ya pa foni aisenza yekha mu mdima.

Kuyenda pansi nako ndi mankhwala osagula. A WHO alangiza kuti munthu wamkuru azilimbitsa thupi kwa mphindi 150 pa sabata, ndiko kuti mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Kuyenda mofulumirako kucokera ku nchito, kukwera phiri la Kanjala pa Ciweru m'mawa, kapena kulima kadimba ka repu kuseri kwa nyumba, zonsezi ziwerengedwa. Zithandiza kutsitsa BP ndipo zibweretsa tulo.

Pali zocenjera nazo ziwiri. Coyamba, mowa si kupumula. Ugonetsa munthu msanga koma umudzutsa pakati pa usiku, ukweza BP, ndipo udya ndalama ya ndiwo. Caciwiri, usiku ukayamba kuzizira, mbaula isagone m'nyumba yotseka mazenera, cifukwa mpweya wa makala ulibe fungo koma ukupha.

Zimene banja lingacite

1. Kusankha nthawi imodzi kapena ziwiri pa tsiku zomvera nkhani, monga m'mawa ndi madzulo nsima isanapse, kucokera ku wailesi kapena nyuzipepala yodalirika.

2. Kuika foni patali ndi bedi ola limodzi nthawi yogona isanafike.

3. Kusatumiza kwa ena zithunzi za ngozi ndi mitembo. Akufawo ali ndi abale, ndipo ana nao aziona.

4. Pa nkhani iriyonse kudzifunsa ngati pali cimene banja lingacitepo lero. Ngati cilipo, cicitike. Ngati palibe, nkhaniyo idikire mawa.

Nthawi yopita ku cipatala

Si mutu uliwonse umene ubwera ndi nkhawa. Masika ndi nthawi imene malungo akali ambiri, motero wakumva kutentha thupi akapimitse magazi tsiku lomwelo. Munthu wamkuru aliyense azipimitsa BP, cifukwa kawirikawiri ikwera popanda cizindikiro. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposapo pa masiku osiyana, ifuna cithandizo, ndipo amene ali kale pa mankhwala asawaleke poganiza kuti kupumula kwakwanira. Kupweteka kwa pacifuwa ndi kubanika si zodikira nazo.

Cisoni cikapitirira masabata awiri, munthu osafuna kudya, osakondwa ndi ciriconse, kapena akayamba kulankhula zodzipha, abale amuperekeze ku kiliniki msanga. Amenewa ndi matenda monga ena onse, ndipo ali ndi cithandizo. Si ufiti, si ulesi, ndipo sacititsa manyazi.

Kwa ena onse, nkhani za dziko zidzakhalapobe mawa m'mawa pa wailesi. Nshawa zaziwisi ndi magwafa zipezeka kwa masabata owerengeka cabe, ndipo banja limene likhala pansi madzulo ano kudya pamodzi, foni ili m'nyumba, silinataye kanthu.