Nambala ya Mulungu

Mwezi uno tiyambe ndi kukupherani mwambi. Munthu wafika pa mtsinje ali ndi fisi, mbuzi ndi mtolo wa cimanga, koma bwato lake limalola iye ndi katundu mmodzi yekha. Akasiya fisi ndi mbuzi, mbuzi yadyedwa; akasiya mbuzi ndi cimanga, cimanga catha. Kodi aoloke kangati? Yankho lake ndi maulendo 7, ndipo palibe wanzeru amene angawacepetse. Cinsinsi cagona pa ulendo wacinai, pamene mbuzi imene inaoloka kale iyenera kubwezedwa tsidya lino. Mwambi wonga uwu ulimonso m'buku la masamu limene amati analemba Alcuin wa ku York, dikoni amene anamwalira m'caka ca 804.

Funso lomweli, lakuti njira yaifupi koposa ndi iti, lasautsa akatswiri a masamu pa kabokosi koseweretsa kochedwa Rubik's Cube. Kali ndi mbali 6, mbali iliyonse ndi mtundu wake, ndipo mbalizo zimatembenuka. Ukakasokoneza, nchito ndi kubwezera mtundu uliwonse pa malo ake. Anakapanga ndi Ernő Rubik, mphunzitsi wa ku Budapest m'dziko la Hungary, m'caka ca 1974, ndipo mwini wakeyo anatha pafupifupi mwezi wathunthu asanakakonze.

Tisamuseke. Kabokosika kangasokonezeke m'njira 43,252,003,274,489,856,000. Munthu atati aziona njira imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, angathe zaka zoposa 1,000,000,000,000. Tsono akatswiri anafunsa kuti: kakasokonezeka koipitsitsa, kodi wodziwa njira zonse angatembenuze kangati kuti akakonze?

M'caka ca 1981 Morwen Thistlethwaite anaonetsa kuti kutembenuza ka 52 n'kokwanira nthawi zonse. M'caka ca 1995 Michael Reid anatsimikiza kuti pali kasokonezedwe kena kamene sikakonzeka popanda kutembenuza ka 20. Cinatsala ndi kudziwa ngati pali kena kofuna zoposa pamenepo. Mu July 2010, Tomas Rokicki, Herbert Kociemba, Morley Davidson ndi John Dethridge, pogwiritsa nchito makompyuta a Google, anatseka mlandu: palibe. Nchitoyo ikanatengera kompyuta imodzi zaka 35.

Nambala 20 imeneyi anaicha "Nambala ya Mulungu". Ena dzinali lingawadzidzimutse, koma ife tikuonamo kudzicepetsa. Akatswiriwo akuvomera kuti woona njira zonse nthawi imodzi, nasankha yaifupi osaphonya, si munthu ai. Ngakhale anyamata othamanga pa mipikisano amatembenuza pafupifupi ka 50 kapena 60. Njira yaifupi ilipo, koma maso athu saiona msanga.

Apa ndiye tilankhule nanu makolo a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi. Mwana akabwera ndi mamakisi ocepa a masamu timamukalipira, komabe tikamupeza atadekha pa nsolo kapena pa kabokosi kotere timati akutaya nthawi. Zoona, madzi atungidwe ndipo ng'ombe zilowe m'khola. Koma nchito zikatha, musamulande. Mwana wowerenga njere za nsolo asanasewere akucita zimene akatswiri aja anacita: kuona kutsogolo dzanja lisanagwire. Akapambana mufunseni kuti, "Kodi sukanafika msanga kuposa apa?" Akati n'kosatheka, mufunseninso kuti, "Watsimikiza bwanji?" Masamu enieni amayambira pa funso laciwirili.

Ndipo akakhumudwa cifukwa wabwerezedwa kalasi, mukumbutseni za mbuzi ija. Ikanapanda kubwerera, katundu sakanaoloka wamphumphu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Madzulo ano mukatha kudya, tengani mwala, citsononkho ndi tsamba, mulembe mtsinje pansi, ana aolotse okha. Yankho musawauze.