Wotsegula Faelo ya Mnzake Asiye Dzina Lake

Pali makabati aŵiri amene amadziŵa zambiri za munthu wogwira ntchito m'Boma kuposa zimene amadziŵa amayi ake omubala. Kabati yoyamba ili ku chipatala. M'menemo muli matenda amene munthuyo anadwalapo, zotsatira za magazi amene anayezetsa, ndi mankhwala amene amalandira mwezi ndi mwezi. Kabati yachiŵiri ili ku ofesi ya omulemba ntchito. M'menemo muli tsiku lake lobadwa, malipiro ake, ngongole zimene akumudula, kalata yomudzudzula imene analandira zaka khumi zapitazo, ndiponso maina a anthu amene adzalandire chuma chake iye akadzatsikira kuli chete. Mwini wake wa nkhani zonsezi alibe kiyi wa makabati aŵiriŵa, pakuti makiyi ali m'matumba mwa anthu ena. Tsono funso limene tilingalire lero ndi lakuti, kodi malamulo a dziko lino amamteteza bwanji munthu kwa iwo amene asunga makiyiwo?

Funso limeneli likutikhudza kwambiri ife a m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kuyambira ku Kande, kudzera ku Chintheche, kukafika ku Mpamba ndi ku Usisya. Ndife anthu amene tinayamba kale kugwira cholembera. Chiyambire pamene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe m'chaka cha 1881, Atonga ambiri anaphunzira kulemba ndi kuŵerenga, nakagwira ntchito za ukalaliki m'maiko a kumwera, ndipo Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito ku Cape Town m'chaka cha 1919, anali mmodzi wa ana a sukulu za mishoni imeneyi. Komatu kuwonjezera pa kudziŵa cholembera, ndifenso anthu odziŵana. Mu mzinda waukulu kalaliki amene atenga faelo yako ndi mlendo, ndipo akaŵeruka amakuiŵala. Kuno kwathu kalalikiyo ndi mlamu wako, wosesa m'chipinda cha mankhwala ndi msuweni wa mkazi wako, ndipo amene waima pambuyo pako pa mzere ndi kholo la mwana amene umamphunzitsa. Chinsinsi chikatuluka m'kabati m'maŵa, pofika madzulo chakhala chitamveka ku doko kumene asodzi akuuma usipa.

Tikamva za kubedwa kwa zinsinsi, ambiri timaganiza za akatswiri a makompyuta okhala kutali. Akuba otere alipodi. M'mwezi wa February 2024, amene anali Mtsogoleri wa Dziko pa nthaŵiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analoŵerera makina a nthambi yoona za anthu oloŵa ndi otuluka m'dziko ndipo ankafuna dipo, kotero kuti kwa milungu ingapo Amalaŵi sanathe kulandira mapasipoti. Ngakhale dziko lolemera la America linaulula m'chaka cha 2015 kuti nkhani za anthu oposa 21 miliyoni zinabedwa ku ofesi yosunga mbiri ya ogwira ntchito m'Boma. Koma mbala imene tiyenera kuiopa kwambiri ndi ya m'nyumba momwemo. Ku Singapore m'chaka cha 2019, maina a anthu 14,200 okhala ndi kachirombo ka HIV anaikidwa pa intaneti ndi munthu amene bwenzi lake linali dotolo wololedwa kuona kaundula wa odwalawo. Kuno kwathu tikukumbukira Cashgate ya 2013, pamene anthu okhala ndi chilolezo choloŵera m'makina a chuma cha Boma ankalemba malipiro abodza, ndipo ndalama zikatuluka ankafufuta zimene analembazo. Chitseko sichinathyoledwe ayi, chinatsegulidwa ndi kiyi wake.

Wina anganene kuti kungoona faelo ya mnzako si kuba, popeza palibe chimene watenga. Munthu wotere aganize za mphunzitsi amene amalandira mankhwala otalikitsa moyo, amene Boma linayamba kupereka mwaulere m'chaka cha 2004. Mphunzitsiyo akazindikira kuti pa chipatala cha pafupi pali milomo yopepuka, amayamba kukatenga mankhwala ake kutali kumene sadziŵika, nawononga ndalama za ulendo ndi tsiku lathunthu lophunzitsa. Kwa munthu wa ku Usisya, kumene ulendo ndi wa pa madzi kapena wa pa msewu wovuta wa m'mapiri, kutali kumeneko kungachititse kuti adumphe mwezi osamwa mankhwala. Mtsikana amene akuopa kuti azakhali ake amva sapita ku sikelo mpaka mimba itakula. Chimodzimodzinso kapepala ka malipiro. Amene wakaona wadziŵa nambala yako ya ntchito ndi ndalama zimene zimakutsalira, ndipo zimenezi ndi zokwanira kuti wakatapila adziŵe pokugwira, kapena kuti kamberembere ayese kutenga ngongole m'dzina lako. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Ndalama zobedwa zingathe kubwezedwa, koma palibe bwalo la milandu limene lingalamule mudzi kuti uiŵale chimene wamva.

Kunena zoona, malamulo otiteteza alipo, ndipo ndi bwino kuti tiwadziŵe. Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake. Ufulu umenewu unayesedwa pa mlandu wa ku Mwanza. M'chaka cha 2009 apolisi anagwira amayi 11, napita nawo ku chipatala kumene anawayeza magazi popanda chilolezo chawo, ndipo zotsatira zake zinaŵerengedwa poyera m'bwalo la milandu. Amayiwo sanakhale chete, anakasuma, ndipo m'chaka cha 2015 Bwalo Lalikulu ku Blantyre, pamaso pa Woŵeruza Dorothy nyaKaunda Kamanga, linagamula kuti ufulu wawo wa chinsinsi ndi ulemu wawo monga anthu zinaphwanyidwa. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa wogwira ntchito za chipatala kuulula za magazi a munthu popanda chilolezo chake, kupatula m'njira zochepa zimene lamulolo latchula. Lamulo la 2016 loona za ntchito za pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti limanena kuti kuloŵa m'makina a ena popanda chilolezo ndi mlandu. Pomalizira pake panabwera lamulo loteteza nkhani za anthu la 2024, limene limaika nkhani za umoyo m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera, limapatsa munthu ufulu woona ndi wokonzetsa zimene ena asunga zokhudza iye, ndipo limapereka udindo woyang'anira zonsezi ku bungwe la MACRA.

Nanga ngati malamulo ndi ochuluka chotere, chosoŵa n'chiyani? Chosoŵa ndi umboni. Amayi a ku Mwanza anapambana chifukwa choipa chimene anawachitira chinachitika poyera ndipo chinalembedwa. Koma munthu amene chinsinsi chake chatuluka mwakachetechete adzaloza yani? Faelo yake inadutsa m'manja khumi, ndipo aliyense adzalumbira kuti si iye. Lamulo limene silingapeze wolakwa lili ngati khoka lopanda matumba, limayenda m'madzi koma silifika ndi kanthu pa mtunda.

Pa mfundo imeneyi tiphunzire ku mlandu wina wa ku Finland, umene Bwalo la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula m'chaka cha 2008. Namwino wina wokhala ndi HIV ankalandira chithandizo pa chipatala cha Boma chimene iye mwini ankagwirapo ntchito, kotero kuti makabati aŵiri aja anali pansi pa denga limodzi. Anayamba kuona kuti anzake a pa ntchito akudziŵa za matenda ake, ndipo patapita nthaŵi sanampatsenso ntchito. Atakasuma kwawo anagonja, chifukwa chipatala sichinasunge mndandanda wokwanira wa amene anatsegula faelo yake, choncho analibe umboni. Bwalo la ku Ulaya linati mlandu uli pa Boma, pakuti kukhala ndi lamulo lolola munthu kupempha chipepeso sikokwanira ngati palibe njira yeniyeni yotsekera anthu osaloledwa ndi yodziŵira amene analoŵa. Dziko la Finland linali ndi malamulo abwino monga tili nawo ifemu, koma linapereŵera pa kaundula.

Pa chifukwa chimenechi maganizo anga ndi akuti aliyense wotsegula faelo ya munthu wina, ku chipatala kapena ku ofesi ya Boma, asiye dzina lake, tsiku, ndi chifukwa chimene watsegulira, ndipo mwini faelo akhale ndi ufulu woona mndandanda umenewo. Kumene kuli makompyuta, wogwira ntchito aliyense akhale ndi nambala yachinsinsi yakeyake. Chizoloŵezi chakuti ofesi yonse igwiritse ntchito nambala imodzi, imene nthaŵi zina imamatidwa pa khoma kuti asaiiŵale, chimasandutsa makina okwera mtengo kukhala kabati yopanda chitseko. Kumene kulibe makompyuta, kabuku kolembamo ka ana a sukulu n'kokwanira, malinga kakhale pa kabati ndipo mkulu wa pamalopo azikaona sabata ndi sabata. Timapepala ta malipiro tiziperekedwa totseka kwa mwini wake, osati kuunjikidwa pa tebulo kuti aliyense afufuze kake pakati pa ta anzake. Kalata ya dotolo yopempha tchuthi inene masiku amene wodwala ayenera kupuma, chifukwa mphunzitsi wamkulu afunika kudziŵa masikuwo kuti akonze za kalasi, ndipo dzina la matenda silimthandiza pa ntchito imeneyo.

Pali zotsutsa zitatu zimene ndiyenera kuziyankha. Choyamba, ena adzati chinsinsi chotere ndi mwambo wachilendo, pakuti kwathu kuno matenda ndi a banja lonse. Ndi zoona kuti wodwala amasamalidwa ndi abale, ndipo m'zipatala zathu amene amamphikira ndi kumchapira ndi abale omwewo. Koma ngakhale makolo athu ankasiyanitsa nkhani ya pabwalo ndi nkhani ya kuka. Mayi akaima, ankauza anamkungwi ndi azamba, sankalengeza pa msonkhano wa mfumu. Lamulo sililetsa wodwala kuuza mlongo wake kapena abusa ake, likungonena kuti wosankha womuuza akhale mwini matenda, osati kalaliki.

Chachiŵiri, ena adzati chinsinsi ndicho chimabisa mbala, ndipo adzatchula za maina a anthu omwalira kapena ongopeka amene akhala akupezeka pa mndandanda wa malipiro a Boma. Nkhaŵa imeneyi ndi yomveka. Koma lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za Boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, linasiyanitsa kale zinthu ziŵirizi. Mzika ili ndi ufulu wofunsa kuti pa sukulu yakuti pali aphunzitsi angati ndipo ndalama za Boma zayenda bwanji, koma ilibe ufulu wofunsa kuti mphunzitsi wakuti akudwala chiyani. Ndiponso kaundula amene ndikupemphayu ndi mdani wa mbala, osati bwenzi lake. Amene amaloŵetsa dzina labodza pa malipiro amadalira mdima womwewo umene amadalira woulula matenda a anzake, mdima wakuti palibe adzadziŵe amene anagwira faelo.

Chachitatu, ena adzati zipatala zathu zikusoŵa mankhwala ndi anamwino, tingataye bwanji nthaŵi ndi makaundula? Yankho lake ndi lakuti mankhwala amene wodwala akuopa kukawatenga sasiyana ndi mankhwala amene kulibe. Kulemba dzina ndi tsiku kumatenga kanthaŵi kochepa kuposa kamene kamatayika pofunafuna faelo yosokera, ndipo kumatetezanso namwino wokhulupirika kuti asanamiziridwe pamene wolakwa ndi wina.

Tsono mawu anga otsiriza apite kwa inu amene mwangotsiriza sukulu. Ena a inu mudzalembedwa ntchito za ukalaliki, za ulangizi wa zaumoyo m'midzi, kapena zoloŵetsa maina m'makompyuta. Tsiku lina mudzaona pa faelo dzina la munthu amene mumamdziŵa, ndipo mtima udzafuna kusuzumira. Mukumbukire kuti nanunso muli ndi faelo m'kabati ya munthu wina, ndipo chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Kwa aphunzitsi anzanga ndikuti, tisaope kufunsa mwaulemu kuti amene amaona mafaelo athu ndani, ndipo tikalakwiridwa tikadandaule molemba kalata, kwa mkulu wa pamalopo poyamba, kenaka ku ofesi ya Ombudsman, ku Malawi Human Rights Commission, ku makhonsolo oyang'anira madotolo ndi anamwino, kapena ku MACRA. Ifenso tili ndi makabati athu, mmene muli makalata a makolo ndi nkhani za ana odwala ndi amasiye, ndipo ulemu umene tikupempha kwa ena tiyambe ndife kuupereka. Amayi 11 a ku Mwanza anadikira zaka zisanu ndi chimodzi kuti amve chigamulo chawo. Ife tingathe kuyamba Lolemba likudzali, poika kabuku ndi cholembera pamwamba pa kabati ya m'ofesi yathu.