Thirakitala ikavuta kulira m'mawa, tisanamizire chisanu

Juni akangolowa, ku Dedza, Ntcheu ndi Mzimba eni mathirakitala amakhala ndi dandaulo limodzi: "Yakana kulira, kwazizira." Ena amayamba kuigoneka pamtsetse kuti m'mawa angoigubuduza. Ena amaviika kansanza mu petulo n'kukaika pamene injini imakokera mpweya, ndipo amene ali ndi ndalama amagula kachitini ka mankhwala opopera othandiza kuliza injini. Ine ndakulira m'ntchito yokonza mathirakitala, ndipo ndikuti chisanu timachinamizira. Kuzizira kwa m'madera athu olima n'kochepa poyerekeza ndi kwa ku England, kumene Massey Ferguson 135 ndi 165 zambiri zinapangidwa. Makina amene anayamba kutuluka mu 1964 n'kumalira m'dziko la chipale chofewa sangagonje ndi m'mawa wa ku Bembeke ngati ali bwino. Chisanu chimangoulula matenda amene analipo kale.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, ndipo dizilo akafayiridwa mmenemo amayaka yekha. Choncho injini yozizira imafuna zinthu zinayi: izungulire mwachangu, ilandire dizilo woyera pa nthawi yake, ipume bwino, ndipo mpweya wopanikizidwawo usathawe. Chimodzi mwa izi chikafooka, kutentha kwa Okutobala kumachibisa, koma m'mawa wa Julayi chimaonekera poyera.

Chimene chimandipweteka mtima ndi ichi: mlimi akapita kwa amakaniko ena, mawu oyamba amakhala akuti, "Bwana, injini yatha, tiiphwasule." Masiku ano, pamene sipeya aliyense amachokera kunja ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuphwasula injini ya Perkins ya m'mathirakitalawa kukhoza kudya phindu la chaka chonse. Komatu nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyambe ndi zotchipa, zodula zibwere pomaliza.

Choyamba ndi khutu. Mukapotokola kiyi, sitata ikuzungulitsa injini mwamphamvu kapena ikungokoka mwaulesi? Batire yodzaza bwino imaonetsa mavoti 12.6, ndipo ikatsika kupitirira 9.6 pamene sitata ikugwira ntchito, ndiye kuti yatopa. Koma musanagule ina, onani mitu yake. Ndaonapo bambo wina atagula batire yatsopano pamene cholakwika chinali waya wa efi, umene unachita dzimbiri pomwe umamangidwa kuchitsulo cha thirakitala. Titaupala ndi sandipepala n'kumanga bwino, injini inalira ndi batire yakale yomweyo. Mukaliza kwa kanthawi, gwirani mawayawo: pamene patentha ndi pamene magetsi akutayika. Oyilo nayenso ali ndi mbali yake. Ambiri amathira oyilo wolimba kwambiri pofuna kubisa utsi, osadziwa kuti m'mawa amalemetsa sitata. Wa 15W-40 amakwanira bwino nyengo yathu.

Chachiwiri ndi maso. Wina azipotokola kiyi, inu muziyang'ana kumpope wa utsi. Ngati sikukutuluka kanthu, dizilo sakufika. Onani kaye ngati kachitsulo kozimitsira injini kabwezedwa mpaka kumapeto, chifukwa waya wake ukalimba umasiya pampu ya dizilo ili yotseka pang'ono. Kenako funani pamene mpweya ukulowera. Paipi ikasweka pang'ono kapena labala wa fyuluta akauma, dizilo amabwerera kuthanki usiku, m'malo mwake mumalowa mpweya. Chizindikiro chake n'chakuti mukapopa ndi dzanja pa kapampu kakang'ono kam'mbali mwa injini, mumapopa nthawi yaitali musanamve kulimba, ndipo mukamasula kabawuti kotulutsira mpweya pa fyuluta kapena pa pampu ya dizilo ya CAV, mumatuluka thovu. Mukatulutsa mpweyawo injini n'kulira msanga, mwapeza wakuba wanu. Chatsala n'kutseka polowera pake.

Pano tinenenso za dizilo wam'zigubu. Mafuta akamasowa m'dziko, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012 komanso zaka zaposachedwapa, mlimi amagula kulikonse kumene wapeza. Dizilo wina amakhala ndi madzi, wina fumbi, wina wosakaniza ndi palafini amene amadya pampu chifukwa alibe mafuta okwanira otelezetsa zitsulo zake. Yang'anani m'kabotolo kagalasi kapansi pa fyuluta: madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba. Mukagula wam'chigubu, musiyeni adikhe kenako mumusefe. Ndipo thanki muzidzaza madzulo, chifukwa thanki yopanda kanthu imachita thukuta mkati usiku wozizira.

Ngati utsi ukutuluka woyera, wonunkha dizilo wosapsa, ndiye kuti mafuta akufika koma kutentha kukuchepa. Apa ndi pamene hita imafunika. Pa ma Massey Ferguson ambiri akale pali kachipangizo kotchedwa Thermostart, kamene kamakhala papaipi yolowetsa mpweya mu injini. Mukagwira kiyi pamalo a hita kwa masekondi ngati 15, kawaya kake kamafiira, kamadontheza dizilo pang'ono n'kuyatsa kamoto kotenthetsa mpweya. Gwirani paipiyo pafupi nako: ngati ili zii, kafa, kapena waya wake waduka, kapena dizilo sakukafikira. Mathirakitala ambiri amene ndimawaona kachipangizoka kanafa kalekale, mwini wake sadziwa n'komwe kuti kalipo. Mtengo wake sufika ngakhale pafupi ndi wa maring'i ndi mapisitoni. Utsi ukakhala wakuda, tsukani chosefera mpweya. Chija chokhala ndi oyilo pansi chimadzaza matope m'nyengo ya fumbi.

Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene timafika pa zodula. Mavavu atcheredwe molingana ndi muyeso wake. Ma injekita achotsedwe, akayesedwe pa makina ngati akufayira nkhungu kapena akungodontha. Pomaliza ayeze kompulesheni ndi geji. Injini yothadi imadziwika: imamwa oyilo, imatulutsa utsi wabuluu, ndipo kapaipi kopumira kam'mbali kamafuka ngakhale yatentha. Makaniko amene akuti injini yatha asanaike geji, m'funseni kuti wadziwa bwanji. Limeneli si funso lamwano. Ndalama ndi zanu.

Ena adzati, "Bola ikulira, njira ili ndi ntchito yanji?" Ndikuwamvetsa, chifukwa chimanga chikadikira kumunda ndipo ngolo yalipiridwa kale, munthu safuna maphunziro. Koma njira zachidulezi zili ndi mtengo wake. Mankhwala opopera ndi petulo zimaphulika pisitoni isanafike pamwamba, ndipo kumenya kumeneko kumathyola maring'i. N'chifukwa chake mumamva anthu akuti thirakitala "yazolowera" mankhwala: siinazolowere, yawonongeka. Kupopera pamene hita yayaka kukhoza kuphulitsa moto kumaso kwa munthu. Choopsa koposa ndi chizolowezi cholumikiza sitata ndi sipanala munthu ataima pansi, patsogolo pa tayala lalikulu. Thirakitala ikakhala m'giya imanyamuka pomwepo, ndipo palibe amene angaithawe. Musaikenso dzanja pa paipi ya injekita yomwe ikudontha injini ikuzungulira, pakuti dizilo wake amaboola khungu.

Pempho langa kwa eni mathirakitala, makalabu a alimi ndi makopaletivu amene amabwereketsa makinawa ndi lakuti miyezi ya Juni ndi Julayi muitenge ngati nthawi yopimitsa. Nyengo imeneyi ikukuyezerani makina kwaulere, amakaniko ali ndi mpata, ndipo sipeya mukhoza kumufunafuna mosathamanga. Mukanyalanyaza, kukatentha vutolo lidzabisala, n'kudzatulukira pakati pa munda mu Novembala, mvula itayamba, alimi amene analipira kale kuti muwalimire ataima pakhomo panu. Tsiku lililonse lochedwa kubzala limachepetsa zokolola, ndipo wovutika amakhala mlimi wamng'ono amene alibe thirakitala yakeyake. Mawa m'mawa, musanaitane anyamata okankha, tengani sandipepala ndi sipanala, muyambire pa batire.