Injini ikamanjenjemera mukayatsa AC, musathamangire kuthira gasi

Amalonda anzathu, makamaka inu oyenda pa galimoto zanuzanu kukaoda katundu ku Joni ndi ku Dar, nkhani iyi tiikambe bwinobwino ulendo usanafike. Munthu waima pa mzere ku Zobue kapena ku Beitbridge, dzuwa likuswa mtengo, wayatsa AC, kenaka chiwongolero ndi mpando zayamba kunjenjemera ngati wakhala m'chigayo. Akaponda mafuta pang'ono zikusiya. Malangizo amene amafulumira kubwera ndi awiri: "ingozimitsani AC" kapena "kathirireni gasi". Ife tikuti onsewa ndi osokeretsa. Nthawi zambiri AC siimayambitsa vutolo, imangoulula kufooka komwe kunalipo kale.

AC ili ndi kompulesa yomwe injini imaizunguza ndi lamba. Ikagwira, imatengako mphamvu ya injini, ndipo nthawi yomweyo fan ya kutsogolo imayaka, alternator nayonso n'kulemedwa. Pa msewu, muvi uli pa 2,500, injini siimva kulemerako. Koma galimoto ikaima, injini imazungulira pakati pa 600 ndi 800 basi, mphamvu yake imakhala yochepa. Kompyuta ya galimoto imayenera kuwonjezera mpweya ndi mafuta pang'ono kuti injini isatsike. Choncho muvi ukagwa pang'ono n'kubwereranso pompo, palibe chodandaulitsa. Ngakhalenso Vitz ndi Passo za 1,000cc zokhala ndi masilinda atatu zimagwedezeka pang'ono mwachibadwa. Chofunika kuchiopa ndi kunjenjemera kumene kale kunalibe, kapena kumene kukukulirakulira.

Musanapite kwa makaniko, yesani nokha pakhomo. Injini itenthe kaye, muyatse AC, maso pa muvi.

Muvi ukatsika n'kukhala pansi, injini ngati ikufuna kuthima, ndiye kuti siikupuma bwino kapena moto ukudumpha. Yambani ndi zotchipa: air filter yodzaza fumbi, throttle body yomata mwaye, kapaipi ka mpweya kong'ambika, mapulagi otha, kapena coil imodzi yofooka.

Muvi ukakhala malo amodzi koma galimoto yonse ikugwedezeka, ndipo zikunyanya mukaika giya pa D mutaponda buleki kusiyana ndi pa P, kaonetseni ma mounting. Awa ndi malabala amene injini imakhalirapo. Galimoto zathu zambiri zimachoka ku Japan zitayenda kale zaka, ndiye zikakumana ndi maenje ndi kutentha kwa kuno, labala amang'ambika.

Kunjenjemera kukamayamba mutaima nthawi yaitali padzuwa, mphepo ya AC n'kuyamba kufunda, tsegulani boneti muone ngati fan ikuzungulira. Fan ikafa kapena condenser ikatsekeka ndi fumbi, udzu ndi tizilombo, gasi amapanikizika ndipo kompulesa imalemera kwambiri. Gasi wochuluka mopyola muyeso amachitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake tikukana zothiritsa gasi kwa munthu wopanda ma gauge. Mukhoza kulipira ndalama kuti akuwonjezereni vuto.

Ena anena kuti AC ndi yamanyado, imadya mafuta, kuli bwino kungoisiya. Zoti imadya mafuta ndi zoona, ndipo mzere ukakhala wosayenda kwa maola, kuthimitsa injini n'kutsegula mawindo ndi nzeru. Koma kuzimitsa AC sikukonza pulagi yakufa kapena mounting yoduka. Silinda yomwe ikudumpha moto imataya mafuta osapsa, ndipo pa ulendo wautali ndi ndalama yambiri. Choopsa kwambiri n'chakuti pulley ya kompulesa imazungulirabe ngakhale AC ili yozimitsa. Pa galimoto zambiri lamba wake ndi yemweyo amene amayendetsa alternator ndi water pump. Bearing ya pamenepo ikagwira, lamba amaduka, batire imasiya kutchaja, injini n'kutentha. Ndiye mukamva kulira kwachilendo ngati kukukuta kapena kuliza mluzu kumbali ya lamba, musanyamuke.

Tiganizire komwe zimenezi zimakachitikira. Kufera pakati pa Tete ndi Changara mwezi wa Okutobala, kutentha kutapyola madigiri 40, si masewera. Wokukokani afuna ma meticais kapena ma rand, sipeya muigula pa mtengo umene wogulitsa wafuna, katundu wa ngongole agona pa msewu, masiku a TIP akutha, makasitomala kunyumba akuimba foni. Phindu la ulendo wonse likhoza kuthera pa chinthu chimene mukanakonza Loweruka limodzi ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Pomaliza, makaniko akakuuzani kuti angokweza idle kuti kunjenjemera kusiye, mufunseni kuti chaitsitsa n'chiyani. Galimoto za masiku ano idle imayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo akatsuka throttle body zina zimafuna kuiseteranso ndi makina. Akanena zosintha kompulesa yonse, akuonetseni kaye kuti filter, mapulagi, fan ndi ma mounting zili bwino. Safunsa anadya phula.

Yesani galimoto yanu kutatsala sabata kuti munyamuke, kuti sipeya ikasowa mukhale ndi nthawi yoifunafuna. Muyende bwino nonse.