Galu Wosayendetsedwa Ndiye Amaluma

Pa Mponela, pa Madisi, pa Dowa Boma ndi pa Ntchisi Boma anthu akunka nachuluka, ndipo mabanja ambiri tsopano akukhala m'nyumba za lendi zomangidwa mumdadada. Makomo ayang'anizana, bwalo ndi limodzi, ndipo ana a nyumba zisanu amasewera pamalo amodzi. Ena mwa mabanjawa anabwera ndi mwana wa galu kuchokera kumudzi, pakuti ambiri amaona kuti khomo lopanda galu ndi losatetezeka.

Kawirikawiri galu wotereyu amaonekeredwa chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena amam'manga patsinde la mango ndi unyolo waufupi, usana ndi usiku. Ena amangom'lekerera kuti akadzifunire yekha chakudya kumsika ndi kumadzala. Njira zonse ziwirizi zimathera kuchipatala, ndipo amene amanyamulidwa kupita kumeneko nthawi zambiri ndi mwana. Munthu woweta galu wamng'ono pamalo opanikiza ayenera kum'yendetsa, kum'seweretsa ndi kum'bayitsa katemera. Amene sangathe zimenezi ndi bwino asawete.

Chifukwa chake sakhazikika

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Koma mwana wa galu amakanda paliponse, chifukwa mphamvu zam'chulukira. Akafika miyezi inayi mano aubwana amayamba kuguluka, ndipo pamene ena akumera iye amatafuna chirichonse chimene wapeza: nsapato, mphasa, matayala a njinga. Kuchokera pamenepo mpaka atapitirira chaka, thupi lake limafuna kuthamanga tsiku ndi tsiku.

Kumudzi vutoli silinkaoneka. Galu ankalawira ndi mbuye wake kumunda, ankapirikitsa apusi m'chimanga cha m'mphepete mwa phiri la Ntchisi, ankakwera zitunda ndi anyamata a mbuzi, nabwera madzulo atatopa, n'kugona. Pakhomo la lendi ntchito zonsezi palibe, koma mphamvu zija zikadalipo. Zikasowa kolowera, galu amauwa usiku wonse, amakumba maziko a nyumba ya eni ake, amagwira nkhuku za anansi, ndipo mkangano umabuka.

Unyolo sulera mlonda

Alipo amene amati galu womangidwa ndiye amalusa, ndipo wolusa ndiye mlonda weniweni. N'zoona kuti amalusa, koma ukali wake ndi wa mantha. Galu womasuka akaopa chinthu amathawa. Womangidwa alibe kothawira, choncho amaphunzira kuti mano okha ndiwo angam'pulumutse. Tsiku limene unyolo udzaduke sadzasiyanitsa mbala ndi mwana wa mnansi amene wabwera kudzapala moto. Ntchito ya galu pakhomo ndi kuuwa kuti adzutse anthu, ndipo galu wozolowera anthu a pakhomo ndiye amazindikira msanga mlendo wa usiku.

Kum'lekerera n'koopsa koposa

Galu woyendayenda yekha amalumana ndi agalu osadziwika, ndipo kumapiri amakumana ndi nkhandwe ndi afisi. Umu ndi momwe chiwewe chimalowera m'mudzi. Anthu a ku Dowa sanaiwale chaka cha 2003, pamene chirombo chinapha anthu atatu ndi kuvulaza ena 16, mpaka midzi inasamuka. Akuluakulu oona za nyama zakutchire anaganiza kuti anali fisi wachiwewe.

Kachirombo ka chiwewe kamakhala m'malovu. Kakalowa pabala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita ku ubongo. Ulendowu kawirikawiri umatenga miyezi iwiri kapena itatu, ndipo bala limakhala litapola kale, anthu ataiwala. Zizindikiro zikayamba kuoneka, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, palibenso mankhwala ochiza. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chirichonse, makamaka mu Africa ndi Asia. Pa anthu 100 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, 40 ndi ana osakwana zaka 15, ndipo pafupifupi onse odwala matendawa amawatenga kwa galu.

Zoyenera kuchita mwini galu

Choyamba ndi kuyenda naye kawiri pa tsiku, m'mawa kusanatenthe ndiponso dzuwa litapendeka, ali pachingwe. Wina adzati nthawi ya zimenezi alibe. Komatu maulendo alipo kale: wa kudimba, wa kuchigayo, wa kukaona fodya m'chigafa. Galu angathe kutsagana nawo. Pofika kudambo kopanda ziweto za ena, am'masule athamange mwini wake akuona. Mwana wa galu wosakwana chaka asam'thamangitse mtunda wautali pambuyo pa njinga kapena ngolo, chifukwa mafupa ake sanakhwime. Kwa iye maulendo aafupi obwerezabwereza ndiwo abwino.

Chachiwiri ndi masewera, ndipo safuna ndalama. Mpira wansanza womanga bwino aziuponya kuti galu akautole. Chingwe chokhuthala azikokana naye. Pang'ono pa chakudya chake azimwaza paudzu kuti achifunefune ndi mphuno, pakuti kununkhiza kumatopetsa galu monga kuthamanga. Zitsononkho ndi mafupa ophika a nkhuku asam'patse, chifukwa zimatha kum'tsamwa kapena kum'tseka m'matumbo.

Chachitatu ndi kum'phunzitsa. M'mera mpoyamba. Mphindi zochepa tsiku lirilonse zikwanira kuti adziwe dzina lake ndi mawu awiri, “bwera” ndi “khala”. Akamvera, am'patse kamutu ka usipa. Chikwapu chimangophunzitsa galu kuopa dzanja la munthu, ndipo dzanja limene adzaliluma tsiku lina ndi laling'ono.

Chachinayi ndi malo ake. Ngati pali mpanda, akhale womasuka m'katimo. Ngati palibe, mwini amange waya pakati pa mitengo iwiri, nakolowekepo chingwe choti chizitsetsereka, kuti galu aziyenda uku ndi uku. Pakhale mthunzi, madzi akumwa, ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Galu wokhuta sathawira kumsika. Ndowe zake zizichotsedwa msanga ndi kukwiriridwa, chifukwa zimakhala ndi mazira a njoka zam'mimba amene ana okwawa angawameze.

Katemera ndiye mpanda weniweni

Kuyendetsa galu kumachepetsa kuluma, koma chimene chimatseka njira ya chiwewe ndi katemera. Galu abayidwe akakwana miyezi itatu, ndiponso nthawi iriyonse imene alangizi a ziweto alengeza katemera m'dera. Chiphaso chake chisungidwe monga momwe mayi amasungira khadi la kusikelo. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, matendawa amalephera kufalikira. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masabata owerengeka. Maiko anapangana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu, ndipo pa 28 Seputembala chaka chirichonse amakumbutsana za matendawa. Galu wozolowera chingwe savuta kupita naye kokabayitsa. Wolekereredwa uja ndiye amathawira kutchire tsiku la katemera.

Munthu akalumidwa

Bala litsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Kenaka wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi chaching'ono cha pafupi, kaya cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, ndipo akayamba kulandira jakisoni amalize onse pa masiku amene wauzidwa. Kupaka zitsamba kapena phulusa pabala sikupha kachirombo. Mlangizi wa ziweto adziwitsidwe, ndipo galu wapakhomo amene waluma atsekeredwe masiku 10 kuti aone ngati adwale. Koma wolumidwa asadikire masikuwo ali kunyumba.

Ana aphunzitsidwe kuti galu sagendedwa, sasokonezedwa pamene akudya, akugona kapena akuyamwitsa. Aphunzitsidwenso kunena msanga akalumidwa kapena kukalidwa, ngakhale ndi kamwana ka galu. Mwana woopa kukalipiridwa amabisa bala, ndipo makolo amadzadziwa nthawi itatha.

Eni nyumba za lendi angathandize pofunsa chiphaso cha katemera asanalole galu pamalo pawo, ndipo mafumu angathandize pomema anthu awo tsiku la katemera likafika. Koma udindo waukulu uli pa iye amene anatenga kagaluko kwa make. Asanakatenge, adzifunse ngati m'banjamo muli munthu wokayenda nako m'mawa ndi madzulo, nyengo yadzinja ndi yachisanu yomwe. Ngati mulibe, galuyo akhale kumudzi kumene kuli minda ndi mbuzi zoti aziperekeza.